Lipoti la mlembi: zomwe ndakamva za bilu ya zaumoyo ndi ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo

A Wapampando, a Msungichuma, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo a nthambi zathu za ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa ndi Epworth, ndakupatsani moni nonse. Ndabwerako kumene munandituma m'dzina la bungwe lathu la maliro la Amalawi muno mu Zimbabwe, ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana za bilu ya zaumoyo, lamulo lomwe lapita ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu alikambirane. Lipotili ndalilemba kuti amene sadzatha kufika pa msonkhano wa mwezi uno adziwerengere pa foni, ndipo agogo athu omwe maso adafooka awawerengere adzukulu. Ndapota nanu, musalekezere panjira, chifukwa zina mwa zomwe ndabwera nazo zikukhudza thumba lathu la maliro.

Ndiyambe ndi ndalama, pakuti zandipeza kale zoti ena akuti mlembi wapita kukadya mpunga wa kuhotela ndi chopereka cha maliro. Munandipatsa $25. Makombi a masiku awiri, kuchoka ku Mufakose kupita m'tauni ndi kubwerera, anatenga $4. Basi yopita ku Mt Hampden, komwe kuli Nyumba ya Malamulo, tinasonkherana $5 munthu aliyense. Ndinakopetsa bilu ndi masamba a malamulo aakulu a dziko omwe akutikhudza, makope anayi kuti nthambi iliyonse ikhale ndi ake, pa $6. Chakudya $5, ndipo $3 ndinagulira bando ya intaneti yotumizira zithunzi za mapepalawo kwa a Wapampando. Zotsala $2 ndabweza kwa a Msungichuma pa EcoCash, uthenga wake ndausunga. Kuhotela sikunapondedwe. Tinakhala mu holo ya tchalitchi pa mipando ya pulasitiki, ndipo masana a tsiku loyamba ndinadya mabanzi awiri ndi Mazoe. Malisiti ali mu envulopu, wofuna kuwaona adzawaone.

Msonkhanowu unakonzedwa ndi mabungwe omwe si aboma ogwira ntchito za umoyo, ndipo anaitana magulu a anthu wamba: amayi ogulitsa m'misika, a mipingo, abale athu olumala, oimira anthu okhala m'malokesheni, ndi mabungwe a maliro ngati lathuli. Tinalipo anthu ngati 60. M'mawa wonse wa Lachiwiri unathera pa malonje, malamulo a momwe tizikhalira, ndi bambo wina yemwe anationetsa mizere ndi manambala pakhoma mpaka tiyi anazizira. Panalinso gawo la momwe mabungwe angalembere malipoti kwa opereka thandizo, lomwe ife silikutikhudza. Nkhani inayamba kununkhira masana, atanyamuka mayi wina loya kudzalongosola za ntchito ya nduna ku Nyumba ya Malamulo.

Nduna ya zaumoyo ndi chisamaliro cha ana pano ndi a Dr Douglas Mombeshora, omwe adapatsidwa udindowu mu Sepitembala 2023. Si achilendo ku undunawu, pakuti adakhalapo wachiwiri kwa nduna nthawi ya boma la mgwirizano lija la 2009 mpaka 2013, asanapite ku unduna wa za malo. Iwo asanabwere, undunawu unali m'manja mwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Constantino Chiwenga, kuyambira mu Ogasiti 2020. Ntchito yaikulu yomwe a Mombeshora atengera ku Nyumba ya Malamulo ndi bilu yotchedwa Medical Services Amendment Bill, yomwe idasindikizidwa mu 2024. Cholinga chake n'kukonza lamulo lakale la zipatala kuti ligwirizane ndi malamulo aakulu a dziko a 2013. Loyayo anatiyendetsa m'njira yonse yomwe bilu imadutsa: imasindikizidwa, imawerengedwa koyamba, komiti ya aphungu oona za malamulo imaiunika ngati siikuphwanya malamulo aakulu, komiti ya zaumoyo imayenda m'madera kukamva maganizo a anthu, kenaka nduna imaimirira kuifotokoza ndi kuyankha aphungu, n'kuyamba kuikambirana ndime ndi ndime. Ikatuluka kumeneko imapita ku Senate, chipinda chachiwiri cha Nyumba ya Malamulo, pomaliza kwa mtsogoleri wa dziko kuti asayine. Kumva maganizo a anthu si chifundo cha aphungu ayi, gawo 141 la malamulo aakulu likuwalamula kutero. Zaka zonsezi ife tinkangomva pa wailesi kuti komiti ili ku holo yakutiyakuti, n'kumati n'za anthu ophunzira.

Ndime ya biluyi yomwe inautsa holo yonse ndi ya maola 48. Ikuti munthu akafika pa chipatala cholipira ali pakati pa moyo ndi imfa, chipatalacho chimulandire ndi kumusamalira kwa maola osachepera 48 kuti akhazikike, ngakhale alibe ndalama, kenaka ndiye atumizidwe ku chipatala cha boma. Za yemwe adzalipire, biluyi ikusiya kuti nduna ndi chipatalacho apangane, kaya ndalamazo zichoke kwa wodwala kaya ku boma. Apa anthu anagawikana. Ena anati zipatala zolipira zidzangotseka zipata usiku n'kumati bedi palibe, ena anati boma likalephera kubweza ndalama ngongole idzagwera wodwala yemweyo. Ine maganizo anga ndi akuti ndimeyi ndi yabwino ndipo idutse, koma mawu a yemwe adzalipire alembedwe momveka m'lamulo momwemo, asasiyidwe ku mapangano a m'maofesi. Tonse tikudziwa munthu amene adaima pa windo lolipirira, m'bale wake akubuula pa benchi, wakuwindo akunena kuti kaye ndalama.

Tsono pamene pagona ulendo wanga wonse ndi apa. Loya uja anawerenga gawo 76 la malamulo aakulu mokweza, pang'onopang'ono, ife tikulondola ndi chala pa pepala. Ndime yoyamba ikuti nzika iliyonse ndi aliyense wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira cha zaumoyo. Ndime yachiwiri ikuti munthu aliyense wodwala matenda a mgonagona ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha matendawo. Ndime yachitatu ikuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi pa chipatala chilichonse. Anzanga m'holomo anangogwedeza mitu, koma ine chala chinakanirira pa ndime yoyamba. Ndime ziwirizo zikuti munthu. Yoyambayo ikuti nzika. Wobadwira m'banja lomwe silidafunsidweko kuti kwanu n'kuti sangaone kusiyana kwa mawu awiriwa. Ife tidakula tikukudziwa, pa chitupa cha bambo anga padali chilembo cha A, chosonyeza kuti ndi mlendo, mpaka tsiku lomwe tidawaika m'manda.

Ndinakweza dzanja. Atandipatsa cholankhulira ndinayamba m'Chishona monga timachitira, koma mawu anathawa, ndipo ndinangopezeka ndikulankhula Chichewa. Ndinati, nanga agogo omwe adabwera ali anyamata pa Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito ku Nyasaland, adalima fodya m'mafamu a ku Mazowe ndi ku Banket zaka makumi asanu, lero ali ku Epworth opanda pepala lililonse, ndime yoyambayi ikuwawerengera kapena ayi? M'holo munachita zii. Wotsogolera zokambirana anayang'ana uku ndi uku kufuna womasulira. Kumbuyo kunanyamuka mnyamata wina wovala jekete la bungwe la achinyamata, n'kunena kuti, amayi, pitirizani, ndimasulira ine. Anamasulira bwinobwino, osataya liwu ndi limodzi lomwe. Pa nthawi yopuma anabwera kudzandipatsa moni atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere ngati mwana wa kwathu, n'kundiuza kuti agogo ake adachokera ku Ntcheu, koma iye Chichewa amangolankhula m'nyumba, pagulu anali asanayerekezepo. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Loya uja anakumbutsa anthu onse kuti gawo 6 la malamulo aakulu likutchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo. Abale anga, komiti ya aphungu ikadzafika pafupi nafe, palibe chifukwa chokhalira chete poopa kuti Chingerezi chathu n'chothyokathyoka kapena kuti wina atinena kuti mabhurandaya, dzina lija lonyozera ife a mizu ya ku Malawi.

Yankho lomwe ndinalandira ndi ili. Pa ngozi ndi pa matenda a mwadzidzidzi, chitupa si nkhani, aliyense alandiridwe. Pa BP, shuga, HIV ndi matenda ena okhalitsa, malamulo akutinso munthu aliyense. Koma pa chithandizo cha tsiku ndi tsiku, mawu ndi omwewo, nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Ndipo anatikumbutsa gawo 43, lomwe ambiri a ife tidalimva koma sitidalitsate: aliyense wobadwira mu Zimbabwe muno malamulowa asanasindikizidwe mu Meyi 2013, yemwe kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la mu SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Lamulo la 2001 lija lomwe lidatisandutsa alendo m'dziko lomwe tidabadwiramo lidaposedwa mphamvu ndi gawo limeneli. Koma chitupa sichisintha chokha m'chikwama. Munthu ayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi kalata ya kubadwa kukachisinthitsa. Omwe adabadwira ku Nyasaland ndiye nkhani yawo ndi ina, gawo 43 silikuwafikira, iwo njira yawo ndi ya chilolezo chokhazikika.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira pa zitupa pamene munandituma za zaumoyo? Chifukwa cha chinthu chachiwiri chomwe ndunayi yakhala ikulonjeza, inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Pakadali pano amene ali pa medical aid, inshulansi ya zachipatala yolipira mwezi ndi mwezi, m'dziko muno ndi munthu mmodzi mwa anthu 10, mwinanso kuchepera apo, enafe timalipira kuchokera m'thumba. A Mombeshora akhala akunena poyera kuti akukonza lamulo lokhazikitsa inshulansiyi, ndi kuti ndalama zake zizichokera ku misonkho, osati kudula pa malipiro a munthu aliyense payekha. Izi n'zokoma kumva kwa mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika yemwe alibe malipiro oti adulidwe. Koma dziganizireni nokha. Thumba la boma likadzatsegulidwa, adzalemba maina, ndipo polemba dzina adzafunsa nambala ya chitupa. Msonkho wa pa mayunitsi a foni agogo opanda chitupa amalipira ngati wina aliyense, wa pa zakumwa zotsekemera amalipiranso, koma tsiku logawa adzakhala panja pa mpanda. Ndinawerenga m'mutu mwanga ndili m'holomo, m'nthambi ya ku Epworth yokha ndikudziwa makomo asanu ndi awiri momwe muli munthu wopanda kalata ya kubadwa, ndipo mwa iwo atatu muli ana a sukulu omwe amayi awo nawonso alibe.

Apa ndinene mosapsatira zomwe zakhala zikundidya mumtima kuyambira Ogasiti wa chaka chatha. Nonse mukukumbukira agogo aamuna a ku Dzivarasekwa aja, obadwira ku Dedza, omwe adapereka chopereka chawo mwezi ndi mwezi osaphonya kuyambira bungweli lili lakhanda. Usiku womwe anagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi, mdzukulu wawo anaimba foni cha m'ma 11 koloko kupempha $20 yokha, ya galimoto ya oyandikana nawo yoti iwatengere ku chipatala. A Msungichuma anandiimbira ine, ndipo ndine ndemwe ndinatsegula buku n'kuwawerengera lamulo lathu loti ndalama ya bungwe imatuluka pokhapokha munthu atamwalira. Sindikuloza chala a Msungichuma, lamulolo tidalemba tonse ndipo pakamwa pomwe panaliwerenga ndi panga. Mwanayo anadikira mpaka kucha, n'kuwakweza agogo ake pa ngolo yokankha yonyamulira katundu wa kumsika, atawafunditsa bulangete, kuwapititsa ku kiliniki. Tsiku lachitatu anatisiya. Ndipo pamenepo bukulo linatseguka lokha: bokosi, basi ya kumanda, ufa, kabichi, nkhuni, zonse pamodzi $380. Tinaimba bwino, tinaphika bwino, anthu anatiyamikira kuti bungwe la Amalawi limadziwa kuika maliro. Mdzukulu uja mpaka lero akandiona amayang'ana pansi, ndipo ine ndimasowa pomuyambira. Nkhaniyi ndinaibweretsa pa msonkhano wa Okutobala, inakankhidwira ku zina ndi zina, nthawi inatha. Ndinaibweretsanso mu Januwale, ena anati tikayamba kulipirira odwala thumba liuma pa miyezi itatu. Mwina n'zoona. Koma sitinakhalepo pansi ndi pensulo kuwerengera, tinangokana.

Ndipo poti tafika pa za kuuma kwa thumba, a Wapampando, nkhani ya tenti ndi mapoto atatu akuluakulu aja idakalipo. Katunduyu amabwerekedwa ku maukwati ndi ku zinkhoswe pafupifupi sabata iliyonse, tonse timamuona pa zithunzi, koma m'buku lomwe ndimasunga ine mulibe senti ndi imodzi yomwe ya tenti kuyambira chaka chatha. Tidalonjezedwa kuti pofika Pasaka tidzamva, Pasaka adadutsa. Sindikunena kuti wina waba. Ndikunena kuti ndalama imeneyo ikadalembedwa, bwenzi $20 ya usiku uja isali nkhani yoimbirana mafoni.

Ndibwerere ku msonkhano. Lachitatu m'mawa tinakambirana za komwe ndalama za zaumoyo zimachokera, ndipo apa ndinaphunzira zomwe sindinkazilabadira. Pali msonkho wa Edzi, 3 peresenti yowonjezera pa msonkho womwe ogwira ntchito ndi makampani amalipira, womwe udayamba kutoleredwa mu 2000 ndipo umayendetsedwa ndi National AIDS Council. Pali 5 peresenti ya pa mayunitsi ndi mabando a foni yomwe idaikidwa mu 2017 kuti ithandize zipatala. Pali msonkho wa pa shuga wa m'zakumwa womwe nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, idayambitsa mu 2024, boma n'kunena kuti ndalama zake zigulire makina ochizira khansa, pakuti makina a ku zipatala zazikulu za Parirenyatwa ndi Mpilo akhala akuwonongeka kwa nthawi yaitali. Komanso mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo bajeti yathu zaka zambiri siifika pamenepo. Pamwamba pa zonsezi, boma la America mu Januwale 2025 lidaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo mayi wina wa gulu la omwe ali pa ma ARV anafotokoza mantha omwe anthu anali nawo masabata amenewo, aliyense akuwerenga mibulu yotsala m'botolo. Ine ndikuona kuti funso loyenera kufunsa ndunayi si lakuti mudzabweretsa msonkho wanji wina, koma lakuti misonkho itatu ilipoyi ikufika yonse ku unduna wanu kapena ikutsakamira ku thumba lalikulu la boma. Aphungu ali ndi mphamvu yofunsa zimenezi, ndipo ife tili ndi mphamvu yowatuma.

Za anamwino tinangodutsapo mothamanga, koma ndizitchule poti ambiri a ife tili ndi ana omwe adapita ku UK kukasamalira okalamba. Pakati pa 2021 ndi 2022 ogwira ntchito zachipatala oposa 4,000 adachoka m'dziko muno. Mu Januwale 2023, a Mombeshora asanabwere, kudasayinidwa lamulo loletsa ogwira ntchito zachipatala kunyanyala ntchito kupyola maola 72, wolakwira angathe kukhala m'ndende mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Namwino wina wopuma pa ntchito yemwe anakhala pafupi nane anangoti, munthu sumumanga ndi chingwe kuti akukonde. Ine ndikugwirizana naye. Maola 48 aja adzafuna manja owagwira, ndipo ku chipatala cha boma komwe wodwalayo adzatumizidwe kuyenera kukhala namwino wogona tulo tokwanira.

Ndime ina yomwe idzativute ife eni ake ndi ya ana. Biluyi ikuti kholo kapena womulera mwana asamuletse kulandira chithandizo chomwe mwanayo akufunikira, ndipo wochita zimenezi adzakhala ndi mlandu. Kumbuyo kwa ndimeyi kuli chikuku cha 2022 chomwe chidayambira ku Manicaland n'kupha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayitsa katemera. Abusa awiri m'holomo anatsutsa kuti boma likulowerera za chikhulupiriro. Ndikudziwa kuti m'bungwe mwathu muli mabanja opemphera ku mipingo yomwe siilola chipatala, ndipo ndi anthu omwe pa maliro amafika oyamba n'kuchoka omaliza, ndimawalemekeza. Koma pa ichi sindibisa mbali yomwe ndili. Wamkulu asankhe za thupi lake, mwana wa zaka ziwiri sanasankhepo mpingo. Tidaika timabokosi ting'onoting'ono tokwanira m'bungwe muno. Ndikupempha kuti tikadzakambirana ndimeyi tisatukwanane, koma tisaithawenso.

Za kolera panalankhulidwa zomwe tonse tikuzidziwa: 2008 ndi 2009 pomwe anthu oposa 4,000 adafa, 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, ndi ya 2023 yomwe idayambira ku Chegutu n'kudzavuta ku Kuwadzana. Onse anagwirizana kuti vuto ndi madzi ndi mapaipi a zonyansa, ndipo zimenezo si za unduna wa zaumoyo wokha.

Masana a Lachitatu ndiye tinakwera basi kupita ku Mt Hampden. Amene simunafikeko, nyumbayi ili pamwamba pa phiri kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, yozungulira, ya nsanjika zisanu ndi imodzi, idamangidwa ndi boma la China ngati mphatso, ndipo aphungu adasamukirako mu 2023 kuchoka ku nyumba yakale ya m'tauni. Pachipata anatifunsa zitupa. Ndinatulutsa changa, chomwe ndidasinthitsa mu 2017 nditayenda maulendo anayi, ndipo ndinalowa. Ndili pa masitepe ndinakumbuka kuti dera lonse lozungulira phirilo linali mafamu ndi maenje oumbira njerwa momwe makolo athu ambiri adagwiramo ntchito, ndipo ndinadzifunsa kuti mwa mamembala athu ndi angati akadabwezedwa pachipata paja. Tinakhala m'mwamba momwe mumakhala alendo. Nyumba ya aphungu 280 imayamba kukumana itangokwana 2:15 masana, ndipo Lachitatu ndilo tsiku lomwe aphungu amafunsa nduna mafunso, koyamba mafunso a pompopompo, kenaka olembedwa kale. Tinaona a Sipikala akulowa, ndodo yaulemu ikunyamulidwa patsogolo pawo, pemphero, ndi mafunso oyambirira. Tisanakhutire, woyendetsa basi anatumiza uthenga kuti nthawi yomwe tinalipira yatha. Sindinapeze mpata wolankhula ndi nduna kapena ndi phungu aliyense, ndipo sindikufuna wina adzamve ngati ndinakapereka madandaulo athu m'manja mwa a Mombeshora. Koma ndinaona ndi maso anga kuti phungu wamba amaimirira, n'kufunsa, ndipo nduna imayenera kuyankha zonse zikulembedwa. Wotiperekeza anatiuzanso kuti gawo 149 likulola nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika kulemba pempho lopita ku Nyumba ya Malamulo. Apanso mawu aja abwera, nzika.

Zomwe ndikupempha kuti zilowe pa mndandanda wa zokambirana mwezi uno, ndipo zisakankhidwirenso ku zina ndi zina, ndi izi. Pa $3 yomwe khomo lililonse limapereka pa mwezi, 50 senti izipatulidwa kukhala thumba la amoyo, la galimoto ya usiku ndi la mayendedwe a opita kukatenga makalata a kubadwa ndi zitupa. Tili makomo 84, ndiye kuti ndi $42 pa mwezi, magalimoto awiri a usiku ngati uja. Ndalama ya tenti ikapezeka ilowe momwemo. Amene akuopa kuti anthu adzanamizira matenda, tiike lamulo loti wapampando wa nthambi aone wodwalayo kapena alankhule ndi apabanja ndalama isanatuluke, ndipo isapyole $25 pa ulendo. Ndikupemphanso kuti tilembe kalata imodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yopita kwa phungu wa dera lililonse momwe muli nthambi yathu, yowapempha kuti lamulo la inshulansi likadzafika m'Nyumbamo adzafunse nduna kuti okalamba opanda mapepala omwe akhala muno moyo wawo wonse adzalembedwa bwanji. Gawo 82 likuti opyola zaka 70 alandire chithandizo cha zaumoyo kuchokera ku boma, ndipo pamenepo mawu ndi akuti anthu. Kalatayo ndilemba ine ngati mundilola, a Wapampando adzasayine.

Mnyamata womasulira uja wavomera kudzatithandiza kudzaza mafomu popanda malipiro, bola timupatse ya kombi. Loweruka likubwerali kuyambira 9 koloko m'mawa ndidzakhala pa khonde la tchalitchi pomwe nthambi ya ku Epworth imakumana, ndili ndi kope lolembamo. Bweretsani chilichonse chomwe chilipo m'nyumba: chitupa chakale chachitsulo ngakhale chili ndi A, khadi la sikelo la mwana, kalata ya ubatizo, lipoti la kusukulu, kapepala ka pafamu, ngakhale kong'ambika. Amayi a kumapeto kwa msewu wa kuchitsime aja, omwe ali ndi adzukulu atatu opanda makalata, wina awadutsire ndi kuwagwira dzanja, miyendo yawo siyifika okha.